Ndili ndi pakati: kodi ndithamangitse mphaka chifukwa cha toxoplasmosis?

Funso: Adokotala, ndili ndi pakati pa miyezi itatu, ndipo ndi mimba yoyamba. Pakhomo tili ndi mphaka amene takhala naye zaka zinayi, komanso kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba ka masamba komwe ndimalima ndekha. Apongozi anga amva kuti amphaka amapatsira amayi oyembekezera matenda otchedwa toxoplasmosis, ndiye akuti mphakayo achoke sabata ino. Ine nditafufuza pa intaneti ndinapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi ali nawo kale matendawa. Kodi ndi zoona? Ngati ali ofala chonchi, bwanji sitimva anthu akudwala? Nanga ineyo ndingawatenge bwanji?

Yankho: Mayi, zikomo polemba, ndipo ndikukufunirani zabwino pa mimbayo. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi pa za mphaka: palibe chifukwa chomuthamangitsira. Apongozi anu sanalakwe kudera nkhawa, pakuti mphaka alimodi m'nkhani imeneyi. Koma pa zonse mwatchula m'kalata yanu, chimene chandiimitsa mutu ndi kadimba kaja, ndipo pali chinanso chimene simunatchule n'komwe, chomwe ndi nyama yaiwisi ndi mpeni wa kukhitchini.

Chiwerengero mwapezacho ndi choona. Akatswiri amati pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko anatengapo tizilombo totchedwa Toxoplasma gondii. Chofunika ndi kumvetsa mmene amawerengera. Sapita m'zipatala kukawerenga odwala ayi. Amatenga magazi a anthu ambiri omwe akuyenda bwinobwino, n'kuyang'anamo chizindikiro chotchedwa IgG, chimene thupi limapanga likakumana ndi tizilomboti. Chizindikirochi chikaoneka chimakhala m'magazi moyo wonse. Choncho munthu amene anatenga tizilomboti ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, osamva ngakhale mutu kuwawa, amawerengedwabe ali ndi zaka 60. N'chifukwa chake kulikonse kumene ayeza, okalamba omwe ali ndi chizindikirochi amakhala ochuluka kuposa ana.

Komanso "mmodzi mwa atatu" ndi chiwerengero cha dziko lonse ataliphatikiza, ndipo chimabisa kusiyana kwakukulu. Ku United States, bungwe la boma loona za matenda la CDC limati ndi anthu 11 pa 100 alionse a zaka zisanu ndi chimodzi kupita m'tsogolo. Ku Brazil, m'madera ambiri, ndi theka la anthu akuluakulu kapena kuposerapo, ndipo malo ena amafika 80 pa 100. Kum'mawa kwa Asia, monga ku South Korea, n'kochepa kwambiri. Kawirikawiri, madera otentha, achinyontho ndi otsika, monga ambiri a ku Latin America ndi ku Africa, ndi amene amakhala ndi ziwerengero zokwera, pamene madera ouma kwambiri, ozizira kwambiri kapena a kumapiri atali amakhala ndi zotsika. Chifukwa chake chili m'dothi, ndipo ndifikako.

Dziko limene limandiphunzitsa zambiri pa nkhaniyi ndi France, chifukwa kumeneko akhala akuyeza amayi oyembekezera kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1960, amayi oposa 80 pa 100 oyembekezera ku Paris anali ndi chizindikiro chija. Pofika 1995 m'dziko lonselo anali 54 pa 100, mu 2003 anali 44, mu 2010 anali 37, ndipo mu 2016 anatsika kufika 31. Anthu a ku France sanaphe amphaka awo. Chinasintha ndi kasungidwe ka ziweto, kuumitsa nyama m'firiji isanafike kwa ogula, zakudya zimene amapatsa amphaka a m'nyumba, ndi ukhondo wa chakudya. Uwu ndi umboni wakuti kufala kwa tizilomboti kumatsatira mmene anthu amadyera ndi mmene amakhalira.

Tsono bwanji simumva anthu akudwala? Chifukwa mwa anthu khumi athanzi omwe atenga tizilomboti, asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi samva kalikonse. Otsalawo amamva ngati chimfine: kutentha thupi pang'ono, kuphwanya m'thupi, kutopa, ndi anabere otupa, makamaka m'khosi chakumbuyo, omwe angakhale milungu ingapo asanaphwe. Munthu amangoti ndinadwala pang'ono mwezi watha, n'kuiwala. Chitetezo cha m'thupi chimagonjetsa tizilombo toyendayenda m'magazi, koma sichimaliza tonse. Tina timadzitsekera m'timatumba ting'onoting'ono m'minofu, mu ubongo ndi m'maso, n'kugona mmenemo zaka zonse za moyo wa munthuyo. Malinga chitetezo chili cholimba, timatumbato sitivuta. Anthu amene matendawa amawapweteka kwenikweni ndi mwana amene ali m'mimba, munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, ndi ena ochepa omwe tizilomboti timawalowa m'diso.

Kuti muone chifukwa chimene ndikunenera kuti mphaka wanu asachoke, ndikufotokozereni mmene tizilomboti timakhalira. Ndi tizilombo ta selo imodzi, ta m'banja limodzi ndi tija toyambitsa malungo. Tinapezeka koyamba mu 1908, pamene akatswiri Charles Nicolle ndi Louis Manceaux ankapima kanyama konga mbewa kotchedwa gundi ku Tunis, ndipo chaka chomwecho Alfonso Splendore anaona tizilombo tomweto mwa kalulu ku São Paulo. Mu 1939 madokotala a ku New York anatsimikiza kuti ndi timene tinapha khanda lina lobadwa ndi matenda a mu ubongo. Mu 1948 Albert Sabin ndi Harry Feldman anapanga njira yoyezera magazi, ndipo m'pamene dziko linadzidzimuka kuona kuchuluka kwa anthu ndi ziweto zomwe zinali nato. Komabe panapita zaka zoposa 60 kuchokera mu 1908 anthu asakudziwa bwino gwero lake. Ankaganizira nyama, koma ku India mu 1959 anapeza kuti anthu osadya nyama n'komwe anali nato mofanana ndi odya nyama. Nanga nkhosa ndi mbuzi, zomwe zimangodya msipu, zinkatenga kuti? Yankho linadza cha mu 1970: ndi m'matumbo a mphaka, ndi a abale ake a kutchire monga mikango ndi akambuku, momwe mokha tizilomboti timaswana n'kupanga timazira.

Zimayenda motere. Mphaka, kawirikawiri akadali wamng'ono, amagwira khoswe kapena mbalame yomwe ili ndi timatumba tija, kapena amapatsidwa nyama yaiwisi. Patapita masiku ochepa amayamba kutulutsa timazira m'chimbudzi chake, mamiliyoni ambiri, kwa sabata imodzi mpaka itatu. Kenako amasiya, ndipo amphaka ambiri sabwerezanso kutulutsa mochuluka chotero. Timazirato sitikhala toopsa pomwe tangotuluka. Timafunika tsiku limodzi mpaka masiku asanu kuti tikhwime. Ndipo tikakhwima timalimba modabwitsa: m'dothi lachinyontho, pamthunzi, timatha kukhala ndi moyo kupitirira chaka, ndipo mankhwala a klorini amene amathira m'madzi akumwa sapha timazira timeneti.

Ganizirani tsopano za mphaka wanu. Ali ndi zaka zinayi kapena kuposa. Ngati amasaka, mwina anatenga kale tizilomboti ali mwana, ndipo milungu yake yotulutsa timazira inatha kalekale. Ngati satuluka panja ndipo sadya zaiwisi, mwina sanatengepo. Njira zonse ziwiri, mwayi wakuti lero lino akutulutsa timazira ndi wochepa. Kumusisita sikupatsira, chifukwa mphaka amadzinyambita ndipo ubweya wake ndi wouma, timazira sitikhwimirapo. Kukukandani kapena kukulumani si njira ya matendawa. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2000, wochitika pakati pa amayi oyembekezera m'mizinda isanu ndi umodzi ya ku Ulaya, Naples, Milan, Lausanne, Brussels, Copenhagen ndi Oslo, anapeza kuti kukhala ndi mphaka pakhomo sikunali pakati pa zinthu zowonjezera chiopsezo. Chimene chinatsogola ndi nyama yosapsa bwino kapena yongokonzedwa ndi mchere osaphika, imene inachititsa pakati pa 30 ndi 63 mwa matenda 100 alionse, malinga ndi mzinda. Kugwira dothi kunachititsa pakati pa 6 ndi 17.

Tiyeni tikhalitse pa nyama. Chiweto chilichonse cha magazi ofunda chikadya msipu kapena kumwa madzi okhala ndi timazira, chimasunga timatumba m'minofu yake monga momwe munthu amasungira. Nkhosa, mbuzi, nkhumba zoyendayenda panja ndi nyama zakutchire ndi zimene zimakhala nato kwambiri. Ng'ombe ndi yocheperako, koma si yoyera. Nkhuku zoyenda zokha, zimene zimatola chakudya m'dothi, zimakhala natonso. Timatumbati sitioneka ndi maso, sitinunkha, sitisintha mtundu wa nyama, ndipo woyeza nyama kophera sangaone ngakhale atayang'anitsitsa chotani. Nyama ya chiweto chonenepa, chathanzi, ikhoza kukhala nato.

Umboni wa zimenezi unachokera pa chipatala china cha ana odwala TB pafupi ndi Paris, ndipo unafalitsidwa mu 1965. Masiku amenewo ankakhulupirira kuti nyama yosapsa kwenikweni imapatsa mphamvu ana ofooka. Dokotala Georges Desmonts ndi anzake anaona kuti kunja, ana pafupifupi 10 pa 100 ankatenga tizilomboti pachaka, koma mwa ana odya nyama yosapsa ya ng'ombe kapena ya hatchi m'chipatalamo chiwerengero chinakwera kufika pafupifupi 50, ndipo atawonjezera nyama ya nkhosa yosapsa pafupifupi ana onse anatenga.

Amayi ambiri ndikawauza zimenezi amayankha kuti iwo sadya nyama yaiwisi. Ndimawakhulupirira. Koma taonani zimene zimachitika kukhitchini madzulo alionse. Mwadula nyama pathabwa. Madzi ake ofiira atsalira m'timing'alu ta thabwalo ndi m'tsinde mwa mpeni, pamene chitsulo chimalowa m'chigwiriro. Mwapukuta mpeniwo ndi kansalu, n'kudulira tomato kapena chipatso chimene mudye chosaphika. Pakati pa ntchitoyo mwakanda pamphuno, mwapukuta diso, kapena mwatola kanthu n'kuponya m'kamwa. Mphika uli pamoto, mwatapa kachidutswa kuti mulawe mchere nyama isanapse. Pa nyama yootcha, kunja kwada bii, koma mukang'amba pafupi ndi fupa mukupeza mofiira ndi modontha. Njira zonsezi ndi zenizeni, ndipo munthu amene wazidutsa amalumbira ndi mtima wonse kuti sanadyepo nyama yosapsa.

Mwamwayi moto umapha timatumbati mosavuta. Amene ali ndi choyezera kutentha kwa chakudya aonetsetse kuti pakati pa nthuli pafika madigiri 63 a Celsius ndipo nyamayo yakhala mphindi zitatu asanaidule, nyama yogaya ifike 71, nkhuku 74. Amene alibe, ndipo ndi ambiri, adule pamene pali pochindikala kwambiri: pasakhale pofiira, madzi otuluka akhale oyera. Kuumitsa nyama m'firiji yozizira kwambiri, pa madigiri 12 kunsi kwa ziro kapena kuzizira kuposa apo, kwa masiku angapo kumaphanso timatumba tambiri. Kuika m'firiji wamba sikupha. Kufutsa ndi utsi, kuthira mchere kapena kuyanika sikodalirika, choncho nyama yotero muiphikebe pa miyezi imeneyi. Mpeni, thabwa ndi manja zitsukidwe ndi sopo nyama ikangochokapo, musanagwire china chilichonse.

Tsopano kadimba kanu. Amene anaonapo mphaka akufuna podzithandizira akudziwa kuti sasankha pouma. Amafuna dothi lofewa, longotipula kumene, amafukula kadzenje ndi zikhadabo, n'kukwirira bwinobwino akamaliza. Bedi la masamba limene mwagaula dzulo n'kuthirira ndi malo amene mphaka aliyense wa m'deralo angakonde, wanu ndi wa aneba ndi wosochera amene amabwera usiku inu muli mtulo. Chimbudzicho chimaola n'kusakanikirana ndi dothi pa milungu yochepa, osaonekanso, koma timazira timatsala, ndipo chinyontho cha kuthirira kwanu ndi chimene chimasunga moyo wake. Nyongolotsi, ntchentche, mphemvu ndi madzi a mvula zimamwaza timazirato. Mukamazula udzu ndi manja, dothi limalowa m'zikhadabo. Mvula ikagwa imathovukira pa masamba a m'munsi. Apa m'pamene ndimati kuthamangitsa mphaka wanu sikuchotsa kanthu m'dimbamo. Mwinanso malo ake adzalowa amphaka ena achilendo, ang'onoang'ono, omwe ndi amene amatulutsa timazira kwambiri, ndipo makoswe adzachuluka.

Sindikuti musiye kulima. Masamba atsopano ndi abwino kwa inu ndi mwana. Valani magolovesi, wengani zikhadabo, ndipo mukachoka m'dimba sambani m'manja ndi sopo musanadye kapena kugwira kumaso. Masamba ndi zipatso zotola pansi muzitsuke ndi madzi ambiri aukhondo, zosendeka muzisenda, ndipo zimene zingaphikidwe muziphike. Mulu wa mchenga umene ana amaseweramo uzivundikiridwa, pakuti kwa mphaka umenewo ndi chimbudzi chokonzeratu.

Madzi ndi njira imene kwa nthawi yaitali tinkaipeputsa. Mu 1995, mumzinda wa Victoria ku British Columbia, m'dziko la Canada, anthu 100 anapezeka atadwala toxoplasmosis pa miyezi yochepa, ndipo akatswiri anayerekeza kuti amene anatenga tizilomboti anali masauzande angapo. Gwero linali dziwe losungira madzi a mzindawo, lomwe madzi ake ankathiridwa mankhwala koma osasefedwa. Ku Brazil zotere zinachitika ku Santa Isabel do Ivaí kumapeto kwa 2001, ndiponso ku Santa Maria mu 2018, kumene anthu mazanamazana anadwala. Ngati madzi amene mumamwa ndi a pachitsime chosavundikira, a mumtsinje kapena a m'dziwe, muwawiritse. Klorini ndi wabwino pa matenda ena ambiri, ndipo musasiye kuthira, koma pa timazira timeneti chodalirika ndi kuwiritsa kapena kusefa ndi sefa yabwino.

Njira zotsalazo ndingozitchula mwachangu. Mkaka wosawiritsa, makamaka wa mbuzi. Nkhono za m'nyanja monga oyster zodyedwa zaziwisi, chifukwa zimasefa madzi otsika kumtunda n'kusunga timazira. Kuikidwa chiwalo cha munthu wina, makamaka mtima, ndipo mwa apo ndi apo kuthiridwa magazi. Munthu sapatsira mnzake pogwirana chanza, pokhosomola kapena podyera mbale imodzi.

Ndifike pa mwana wanu, poti ndi amene wakulembetsani kalatayi. Chiopsezo kwa mwana chimadza pamene mayi watenga tizilomboti koyamba ali ndi pakati, kapena patatsala pang'ono kuti aime. Pa milungu yoyambayo, chitetezo chisanagwire, tizilombo timayenda m'magazi ndipo tikhoza kudutsa pa nsengwa. Mayi amene anatenga zaka zapitazo, chitetezo chake chili bwino, amakhala atatchinjiriza mwana wake pafupifupi kotheratu. Ndiye onani mmene zilili: ngati muli m'gulu la "mmodzi mwa atatu" lija limene lakuopsani, ndinu amene muli pabwino. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi amene sanatengepo.

Nthawi ya mimba imasintha zinthu m'njira ziwiri zosemphana. Atasonkhanitsa zotsatira za amayi ambiri mu 2007, akatswiri anapeza kuti mayi akatenga tizilomboti pa sabata ya 13, ana pafupifupi 15 pa 100 ndi amene amatengako. Pa sabata ya 26 ndi 44, ndipo pa sabata ya 36 ndi 71. Koma kuopsa kwake kumayenda chobwerera. Mwana amene watenga mimba ili yaing'ono ndi amene amavulala kwambiri: mimba ikhoza kupita padera, mwana akhoza kufera m'mimba, kapena kubadwa ndi madzi ochuluka m'mutu, zipsera mu ubongo, khunyu ndi vuto la maso. Amene watenga chakumapeto kawirikawiri amabadwa akuoneka bwino, koma ena mwa iwo amadzayamba kuvutika maso patapita zaka, nthawi zina atakula kale, chipsera cha mkati mwa diso chikayambanso kutupa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2013 m'magazini ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO anayerekeza kuti padziko lonse pamabadwa ana pafupifupi 190,000 a matendawa chaka chilichonse, kapena ana atatu pa 2,000 alionse obadwa. Chiwerengerochi chikusonyeza kuti mimba zochuluka zedi sizikhudzidwa. Komabe kwa banja limene lakhudzidwa ndi katundu wa moyo wonse, ndipo n'chifukwa chake sindikuchepetsa nkhawa ya apongozi anu.

Za kuyezetsa, mayiko amasiyana. France inayamba kuyeza amayi m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuyambira 1992 mayi amene alibe chizindikiro chija amayezedwa mwezi ndi mwezi mpaka kuchira. Austria nayo imayeza kuyambira m'zaka za m'ma 1970. United Kingdom ndi United States sayeza mayi aliyense, ndipo mayiko ambiri ali chimodzimodzi. Choncho musadabwe ngati kusikelo sanakuuzeni za nkhaniyi. Maganizo anga ndi akuti ngati mungathe kupeza poyezetsa, yezetsani tsopano mimba ikadali pa miyezi itatu, chifukwa zotsatira za panopa n'zosavuta kumasulira kusiyana ndi za mwezi wachisanu ndi chiwiri. Amayang'ana zizindikiro ziwiri, IgG ija ndi china chotchedwa IgM. IgG yokha ikapezeka, kawirikawiri ndiye kuti munatenga kale. Zonse ziwiri zikasowa, simunatengepo, ndipo malangizo ndaperekawa ndi anu ndendende. Imene imasokoneza ndi IgM. Anthu amaitenga ngati umboni wa matenda atsopano, koma ikhoza kukhala m'magazi miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka, ndipo nthawi zina imaoneka pomwe palibe kanthu. Ndaonapo mayi akulira usiku wonse, ataganiza kale zoopsa pa mimba yake, chifukwa cha kapepala ka IgM kamene kuyeza kwachiwiri kunasonyeza kuti kanali ka matenda akale. Pali kuyeza kwina kotchedwa avidity kumene kumathandiza kudziwa ngati tizilombo tinalowa miyezi inayi yapitayo kapena kale kuposa apo. Musapange chiganizo chilichonse pa kapepala kamodzi. Ngati poyezetsa palibe, ingodzitengani ngati munthu amene sanatengepo.

Zikatsimikizika kuti mayi watenga ali ndi pakati, mankhwala alipo. Spiramycin amaperekedwa pofuna kuchepetsa mwayi wakuti tizilombo tifike kwa mwana, ndipo ngati mwana wapezeka kuti watenga, mimba itadutsa miyezi yoyambirira, amapereka pyrimethamine ndi sulfadiazine pamodzi ndi folinic acid yoteteza magazi. Awa si mankhwala ogula nokha, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa msanga. Katemera wa anthu palibe. Alipo wa nkhosa yekha, woteteza kuti zisamataye mabere.

Ndilankhulepo za gulu lina, chifukwa kalatayi aiwerenganso ena, ndiponso chifukwa chimene ndinanena chija, chakuti amene anatenga kale ali pabwino, chili ndi malire. Kwa munthu amene chitetezo chake chagwa, timatumba togona tija timadzuka. Izi zimachitika kwambiri kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV pamene CD4, chiwerengero cha maselo a chitetezo m'magazi, yatsika kunsi kwa 100, komanso kwa olandira mankhwala amphamvu a khansa ndi oikidwa ziwalo. Tizilombo timapanga zotupa mu ubongo. Ndimakumbukira bambo wina wachinyamata amene anabwera naye mkazi wake atamugwira mkono. Kwa milungu iwiri mutu unkamuwawa, kenako anayamba kugwetsa kapu m'dzanja lamanja, mawu akutuluka molemera, ndipo m'mawa wa tsikulo anakomoka n'kuphupha. Achibale ankati ndi sitiroko. Anali atasiya ma ARV ndi Bactrim miyezi ingapo m'mbuyomo poona kuti akupeza bwino. Sanatenge tizilombo tatsopano kwa mphaka aliyense. Tinali take tomwe, mwina ta paubwana. Atayamba mankhwala, pa milungu iwiri ankatha kugwiranso kapu, ngakhale dzanjalo silinabwerere mwakale. Bactrim amene ena amamuona ngati piritsi longowonjezera ndi amene amatsekera timatumbati, ndipo ma ARV amabwezera chitetezo chimene chimagoneka tizilomboti. Mayi woyembekezera amene ali ndi HIV asadumphitse mankhwala ake ngakhale tsiku limodzi, chifukwa kwa iye tizilombo takale tikadzuka tikhozanso kufika kwa mwana.

Za maso ndinenepo pang'ono. Toxoplasmosis ndi imodzi mwa nthenda zimene zimatupitsa kwambiri mbali ya kumbuyo ya mkati mwa diso, imene imalandira kuwala, ndipo imagwiranso anthu athanzi amene anatenga atakula. Munthu amaona mwachimbuuzi, kapena timadontho takuda tikuyandama, kawirikawiri diso limodzi. Ku South America kuli mitundu ya tizilomboti yaukali kuposa ya ku Ulaya, ndipo m'tauni ya Erechim kum'mwera kwa Brazil, kafukufuku wa mu 1992 anapeza zipsera zotere mwa anthu pafupifupi 18 pa 100. Aliyense woona zotere apite kwa dokotala wa maso osazengereza.

Nanga mphakayo mukhale naye bwanji? Musamupatse nyama yaiwisi kapena zotsala podula nyama. Mupatseni zophika kapena zakudya za amphaka zogula. Akamakhuta pakhomo ndi kugona m'nyumba usiku, kusaka kumachepa. Ngati ali ndi kabokosi ka mchenga kodzithandizira, kazitayidwa tsiku ndi tsiku, chifukwa timazira tomwe sitinathe tsiku sitinakhwime, ndipo kabokosiko kazitsukidwa ndi madzi owira. Ntchito imeneyi ikhale ya bambo a kunyumba kapena wina aliyense mpaka mudzachire. Ikakugwerani nokha, valani magolovesi ndi kusamba m'manja pomaliza. Asakwere pamene mumakonzera chakudya. Chimene ndikukuletsani ndithu ndi kutola kamwana ka mphaka kapena mphaka wosochera pa miyezi imeneyi, ngakhale kakhale komvetsa chisoni chotani, pakuti amenewo ndi amene amakhala pa msinkhu wotulutsa timazira.

Apongozi anu muwawerengere yankholi, ndipo muwathokoze chifukwa ndi iwo amene ayambitsa nkhani yofunika. Ngati akufuna kuthandiza mdzukulu wawo, apempheni azikuthandizani kudula nyama ndi kupalira m'dimba masiku amene ali pafupi. Ndipo pakati pa lero ndi tsiku lochira, mukamva anabere atupa m'khosi, thupi likutentha popanda chifukwa chodziwika, kapena maso akuchita chimbuuzi, musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala sabata yomweyo, mukatchule dzina lakuti toxoplasmosis, ndipo mukawauze kuti mumalima dimba.